Pamene Agogo ndi Buku la Ubatizo Sakugwirizana

Achinyamata anzathu, ambiri a ife tikayamba kufufuza kumene banja lathu linachokera timakumana ndi mboni ziwiri zotsutsana. Agogo amati kholo lathu linabadwa chaka cha chimfine chachikulu, kutanthauza 1918, ndipo linali la mfunda wa Banda. Buku la ku parishi likupereka chaka china ndi dzina lina. Popeza tinapita kusukulu, timathamangira kukhulupirira pepala. Tisanatero, tiyenera kufunsa mboni iliyonse kuti inali ndi mwayi wodziwa chiyani.

Lamulo losunga mabuku a ubatizo ndi a ukwati m'maparishi linakhazikitsidwa ndi Msonkhano wa Trent m'chaka cha 1563. Kwathu kuno mabuku otere anayamba ndi mishoni zoyamba, monga Nzama ya ansembe a Montfort mu 1901 ndi Mua ya ansembe a White Fathers mu 1902. Chimene wansembe anaona ndi maso ake ndi tsiku la ubatizo, malo, ndi amene anaimira wobatizidwayo. Pa zimenezi bukulo sitingalitsutse. Koma akhristu oyamba ankabatizidwa ali akuluakulu, ataphunzira katekisimu kwa zaka zingapo, ndipo chaka chawo chobadwa wolembayo ankangochiyerekeza poona msinkhu. Tikumbukire kuti kalembera wa ziphaso za unzika wa dziko lonse anachitika mu 2017. Makolo athu analibe chikalata chobadwira choti aonetse.

Vuto lalikulu lili pa maina. Wansembe wa ku Ulaya ankafunsa dzina la bambo, pomwe Mchewa amawerenga mbumba yake kudzera kwa mayi, ndipo nkhoswe yake ndi malume. Komanso mawu akuti bambo kwathu ndi otambalala: mng'ono wa bambo ndi bambo, ndipo mwamuna amene analowa chokolo ndi kulera ana amasiye nayenso ndi bambo. Choncho dzina la m'buku likhoza kukhala la wolera, osati la wobereka. Wolembayo sananame, analemba zimene anauzidwa, moyankha funso limene iye ndi wofunsidwayo ankalimva mosiyana.

Nawonso agogo ali ndi malire awo. Mbiri ya pakamwa imafupikitsa mibadwo, mwakuti anthu awiri a dzina limodzi amasanduka munthu mmodzi. Imabisanso zowawa. Mabanja ambiri amene lero amati ndi Angoni ochokera kum'mwera kwa Africa anachokera kwa Achewa, Ansenga kapena Atumbuka amene anagwidwa pankhondo n'kulowetsedwa mu mtunduwo, ndipo nkhani ya ukapolo siikambidwa pabwalo. Apa tiyenera kufunsa mwaulemu, ndipo ndi bwino kufunsa akuchimuna ndi akuchikazi paderapadera.

Mbiri ya Angoni omwewo ikutionetsa mmene mboni ziwirizi zimathandizirana. Akuluakulu ankasimba kuti tsiku limene anthu a Zwangendaba ankawoloka mtsinje wa Zambezi, dzuwa linada masana. Sanatchule chaka, chifukwa sankawerenga zaka ngati ife. Akatswiri a zakuthambo anapeza kuti kadamsana anaoneka m'deralo mu Novembala 1835, ndipo chaka chowolokera chinadziwika. Pakamwa panasunga chochitika, pepala linapereka nambala. Chimodzimodzi, agogo akati munthu anabadwa pa nkhondo ya Chilembwe kapena pa njala yaikulu ija, ife tingalembe 1915 kapena 1949 ndi chikhulupiriro choposa chaka chimene wansembe anangoyerekeza.

Wina angafunse kuti tikuvutikiranji ndi anthu amene anagona kalekale. Milandu ya minda ndi ya ufumu imaweruzidwa pa mibadwo yomweyi. Ndipo kwa inu amene mukukonzekera ukwati, malamulo a Mpingo salola ukwati wa anthu amene makolo awo ndi obadwa bere limodzi popanda chilolezo cha Ambuye Episkopi, pomwe mwambo wa chisuweni unkaulola. Pofufuza chibale chotere, buku la ubatizo limathandiza, chifukwa kuyambira 1908 ukwati wa mkhristu umalembedwanso pambali pa dzina lake m'bukumo. Koma ngati bambo wolembedwayo anali wolera chabe, amene angauze Bambo Mfumu zoona zake ndi azakhali kapena malume.