Mbiri ya Matondo ku Kasungu

Kalekale, bungwe loona za chakudya ndi ulimi la FAO lisanatulutse lipoti la mu 2013 lolimbikitsa kudya tizilombo pofuna kudyetsa anthu amene akuchulukirachulukira padziko, anthu a ku Kasungu ankadalira matondo, mbozi zikuluzikulu zodya masamba a mtengo wa mtondo, ngati ndiwo yomanga thupi pa nyengo ya mvula zoyamba. Amayi ankawafinya kuti achotse zam'mimba, n'kuwawiritsa m'madzi amchere, kenaka n'kuwayanika padzuwa kuti asungike miyezi ingapo. Malamulo oteteza nkhalango ya Kasungu, imene inakhala paki mu 1970, anasandutsa kutola matondo kukhala mlandu, ngakhale kuti wotola mbozi sapha njovu. Mu 1990 boma linafewetsa chiletsocho polola mabanja ena oyandikana ndi pakiyo kulowamo kukatola matondo pa nyengo yake.