MWANA AMENE ANATULUKA M'KHOKA

Anyamata a kugombe, iyi muwerenge mpaka pansi. Ndi nthano ya Agiriki akale, koma mwini nkhani kwa ine ndi msodzi.

Ku Argos kunali mfumu Acrisius. Olosera anaiuza kuti idzaphedwa ndi mdzukulu wake, mwana wa Danae. Mantha atailowa, inatsekera mwana wake wamkaziyo m'chipinda cha mkuwa kuti asaonane ndi mwamuna. Sizinathandize. Akuti mulungu wawo Zeus analowa ngati mvula ya golide, Danae n'kubereka Perseus.

Kupha ndi manja ake mdalayo anaopa. Anaika mayi ndi khanda m'bokosi lamatabwa, n'kuliponya m'nyanja. Mwati si kupha kumeneko? Ife amene tinapezedwapo ndi mwera tili m'bwato tikudziwa. Ife bola timakhala ndi nkhafi, gombe tikuliona. Iwo munali mdima wokhawokha. Wolemba ndakatulo Simonides, zaka pafupifupi 2,500 zapitazo, analemba za usiku umenewo: mayi akulira, mafunde akumenya, mwana ali m'tulo osadziwa kanthu. Pamenepo ndinaika foni pansi kaye.

Bokosilo linakafika pachilumba cha Seriphos n'kukodwa mu ukonde wa Dictys. Dzina lakelo likuchokera ku mawu achigiriki otanthauza ukonde. Aeschylus analembapo sewero lotchedwa Diktyoulkoi, kapena kuti okoka khoka, ndipo zidutswa zake zinapezeka ku Egypt. Mmenemo asodzi khoka likuwalemera, akuganiza kuti agwira chinsomba, mpaka kuitana alimi ndi abusa kuti adzathandize kukoka. Ndendende mmene timachitira kwathu kuno.

Aliyense wa ife amadziwa kuti khoka likalemera modabwitsa mtima umagunda pawiri, chifukwa nyanja sibweza nsomba zokha. Dictys anatsegulabe. Anawatengera kwake, mwanayo n'kumulera, chonsecho mchimwene wake Polydectes, mfumu ya chilumbacho, ndiye anali ndi chuma.

Za Medusa mumaziona m'mafilimu, sindibwereza. Perseus atabwerako ndi mutu uja anasandutsa Polydectes mwala chifukwa chovutitsa mayi ake, ufumu n'kuupereka kwa msodzi uja.

Nanga agogo aja? Anathawira ku Larissa. Tsiku lina kuli masewera, Perseus anaponya chimbale cha mpikisano, chinaphonya njira n'kukagunda nkhalamba ina pagulu la oonera. Anali Acrisius.