Mbiri ya Ojambula Nkhani Odziimira Paokha ku Kafue

Tauni ya Kafue ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kumwera kwa Lusaka, pamalo pamene njanji ndi msewu waukulu wopita ku Livingstone ndi ku Chirundu zimayandikira mtsinje wa Kafue, ndipo dera lake lotchedwa Kafue Estates linamangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kuti mukhale anthu ogwira ntchito m'mafakitale amene boma la Kenneth Kaunda linkakhazikitsa kudzera m'bungwe la INDECO. Mafakitale awiri ndiwo anali msana wa tauniyi: Kafue Textiles of Zambia, yopanga nsalu ndi zitenje, ndi Nitrogen Chemicals of Zambia, yopanga feteleza, imene inayamba ntchito mu 1970. Panthawiyo dziko linali kufunafuna njira yoleka kudalira katundu wochokera kumwera, popeza boma la azungu la Ian Smith ku Rhodesia linali litadzilengeza lokha kuti ndi loima palokha mu November 1965, motero Kafue inali chionetsero cha zimene dziko la Zambia likanatha kudzipangira lokha. Tauni yotere imajambulidwa, koma funso lofunika m'mbiri yake ndi lakuti kamera inali m'manja mwa yani, ndipo mwini kamerayo ankafuna kuti anthu aone chiyani.

Kwa zaka zambiri yankho linali limodzi, lakuti kamera inali ya boma. M'nthawi ya atsamunda, kuyambira mu 1948 mpaka mu 1963, bungwe la Central African Film Unit, limene likulu lake linali ku Salisbury, linkakonza mafilimu oonetsedwa kwa anthu akuda a ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo mafilimuwo ankayendetsedwa pa magalimoto kupita m'midzi ndi m'makomboni, kumene ankaonetsedwa usiku pabwalo. Ambiri mwa iwo anali ophunzitsa za ulimi, ukhondo ndi kumvera malamulo, pamene ena anali a nkhani, osonyeza abwanamkubwa akutsegula misewu ndi zipatala. Wailesi ya kanema inayamba ku Kitwe mu 1961 ili m'manja mwa kampani, koma dziko litalandira ufulu mu 1964 boma linaitenga, ndipo inadzakhala mbali ya Zambia Broadcasting Services, imene inasanduka Zambia National Broadcasting Corporation, kapena kuti ZNBC, mwa lamulo la mu 1987. Pambali pake panali nthambi yofalitsa nkhani za boma ya Zambia Information Services, imene inali ndi ojambula ake ndi magalimoto ake a kanema. Wojambula wa nthawi imeneyo anali wantchito wa boma wolandira malipiro a pamwezi, ndipo ankapita kumene nduna ikupita. Palibe chifukwa chomunyozera, pakuti zambiri zimene zatsala zosonyeza Zambia ya zaka zoyamba za ufulu anazijambula ndi iyeyo, komabe kamera yoyenda pambuyo pa nduna imafika m'tauni tsiku la mwambo, misewu itasesedwa, n'kuchoka mwambo ukangotha.

Zipangizo nazonso zinkatsekera munthu wamba kunja. Nkhani zinkajambulidwa pa filimu ya mamilimita 16, imene inali yodula, yochokera kunja, ndiponso yofuna kutsukidwa m'mankhwala m'chipinda chamdima isanaonetsedwe, ndipo ngakhale matepi a U-matic ndi a Betacam atabwera, kamera imodzi inali ya mtengo umene munthu wapantchito ya fakitale sakanaufikira m'moyo wake wonse.

Ntchito yojambula nkhani n'kugulitsa inalowa m'dera lino kudzera m'mabungwe akunja ogulitsa kanema wa nkhani, makamaka Visnews ndi UPITN, amene ankasonkhanitsa zithunzi kuchokera kumaiko ambiri n'kuzigawira mawailesi olembetsa kwa iwo. Mabungwewa sankatha kuika wantchito wapamwezi m'dziko lililonse, choncho ankadalira munthu amene m'nyumba zoulutsira nkhani amatchedwa stringer, kutanthauza mtolankhani kapena wojambula wosalembedwa ntchito, amene amalipidwa pa chidutswa chilichonse chimene chagulidwa. Mzinda wa Lusaka unkakoka anthu oterewa chifukwa unali malo a magulu omenyera ufulu a kumwera kwa Afirika, ndiponso unalandira misonkhano ikuluikulu monga wa maiko osatenga mbali mu 1970 ndi wa atsogoleri a Commonwealth mu 1979. Poyamba filimu inkakwezedwa pandege kupita ku London, ndipo siteshoni ya setilaiti ya Mwembeshi itatsegulidwa mu 1974 panapezeka njira ina yofulumira, ngakhale inali yokwera mtengo. Mwa ojambula odziimira a mu Afirika, wotchuka koposa anali Mohamed Amin wa ku Kenya, mwini kampani ya Camerapix, amene zithunzi zake za njala ya ku Korem m'dziko la Ethiopia zinaulutsidwa pa BBC mu October 1984 pamodzi ndi mawu a Michael Buerk, n'kuutsa thandizo la dziko lonse limene linafika pachimake pa konsati ya Live Aid mu 1985. Amin anaduka mkono pa kuphulika kwa nkhokwe ya zida ku Addis Ababa mu 1991, ndipo anafa mu 1996 ndege ya Ethiopian Airlines yolandidwa ndi achiwembu itagwera m'nyanja pafupi ndi zilumba za Comoros. Moyo wake unasonyeza kutalika kumene kanema wa munthu mmodzi angafike, koma msika umene iye ankagulitsako unkafuna nkhondo, njala ndi atsogoleri a maiko, ndipo za tauni ya mafakitale ngati Kafue sizinali m'gulu la zimene unkagula.

Zinthu zinatembenuka pambuyo pa chisankho cha mu October 1991, pamene boma la Frederick Chiluba linatsegula malonda ndi maiko akunja n'kuyamba kugulitsa makampani a boma. Nsalu zotchipa zakunja ndi zovala zakaunjika za salaula zinadzaza misika, fakitale ya Kafue Textiles inafooka mpaka kutsekedwa m'zaka za m'ma 2000, ndipo Nitrogen Chemicals inapitirira movutikira, antchito ake ndi opuma pantchito akudandaula kawirikawiri za malipiro ochedwa. M'zaka zomwezo makamera aang'ono a tepi ya VHS, kenaka a Mini DV, anatsika mtengo kufikira pakuti munthu wolandira ndalama zake zopumira pantchito, kapena wokhala ndi mbale kunja, akanatha kugula. Ojambula oyamba odziimira m'matauni a Zambia sanayambire pa nkhani ayi, anayambira pa maukwati, pa miyambo yokonzekera ukwati monga makitcheni pate ndi chilanga mulilo, ndi pa maliro, kumene anaphunzira kugwira kamera mosagwedeza, kutola mawu pakati pa phokoso, ndi kudziwa mphindi yofunika isanachitike. Chimene chinkasowa chinali wogula, chifukwa wailesi ya kanema ya nkhani za m'dziko inali imodzi yokha, ndipo inali ya boma.

Wogulayo anapezeka pamene mawailesi a kanema a anthu wamba anayamba. Muvi TV, imene inayamba kuulutsa ku Lusaka mu 2004, inatchuka chifukwa chotengera kamera m'makomboni n'kulola anthu kulankhula m'Chinyanja ndi m'Chibemba za ngalande zotsekeka, za mikangano ya mapuloti ndi za madzi osowa, ndipo pambuyo pake kunabwera Prime TV, Diamond TV ndi ena, makamaka dziko litasamukira ku njira yatsopano youlutsira ya digito. Apa mpamene malo a Kafue anayamba kupatsa mwayi wojambula wa komweko, pakuti tauniyi ili pafupi kwambiri ndi Lusaka moti wailesi siiona chifukwa chotseguliramo ofesi, komanso ili kutali moti galimoto yonyamuka mumzinda ikamafika imapeza anthu atabalalika kale. Ngozi ya lole pa mphambano ya Turnpike kapena pa mapiri a Munali, bwato logubuduka pa mtsinje, namasupuni wotseka madzi pafupi ndi mlatho, madzi osefukira ku Zambia Compound kapena ku Shikoswe, antchito osonkhana pachipata cha fakitale: zonsezi amazipeza ndi munthu wogona m'tauni momwemo, amene woyendetsa minibasi kapena mayi wa pamsika angamuimbire foni.

Kayendedwe ka malondawa n'kosavuta kufotokoza, ngakhale n'kowawa kukhalamo. Wojambula amatenga zithunzi za malo onse, za pafupi zoonetsa tsatanetsatane, ndi mawu a mboni imodzi kapena ziwiri pamodzi ndi a mkulu wa apolisi kapena khansala, kenaka amadziwitsa mkonzi wa nkhani zimene ali nazo, ndipo mkonziyo ndiye amagamula ngati chidutswacho chilowe m'nkhani zamadzulo. Kale tepi inkapatsidwa kwa kondakitala wa basi yopita ku Lusaka, pamene lero kanema amatumizidwa pa WhatsApp kapena pa intaneti ndi bandulo yogula wojambula mwiniwake, ndipo malipiro amabwera pa foni. Mphamvu yonse ili kwa wogula, chifukwa nkhani ili ngati nsomba yaiwisi ya mu Kafue, imene ikapanda kugulidwa m'mawa madzulo sikhalanso ndi mtengo. Wojambula amalipira yekha ulendo, mabatire ndi kukonzetsa kamera, alibe inshuwalansi akavulala, ndipo nthawi zambiri sakhala ndi pangano lolembedwa limene angapite nalo kubwalo la milandu malipiro akachedwa. Lamulo la umwini wa ntchito za luso la mu 1994, lotchedwa Copyright and Performance Rights Act, limateteza kanema ngati chuma cha mwini wake, koma pamene pangano silinanene ngati wailesi yagula ufulu woonetsa kamodzi kapena yagula kanemayo kotheratu, wofooka ndiye amaluza.

Ndale nazo zakhala zikugwedeza msika umenewu. Mu August 2016, chisankho chitangotha, bungwe loyang'anira mawailesi la Independent Broadcasting Authority linaimitsa laisensi ya Muvi TV pamodzi ndi ya Komboni Radio ndi ya Radio Itezhi Tezhi, ndipo mu April 2020 linafafaniza laisensi ya Prime TV, imene inabwezedwa mu August 2021 boma litasintha. Wailesi ikatsekedwa, anthu amawerenga antchito ake apamwezi amene akhala pakhomo, koma ojambula a m'maboma amene ankaigulitsa kanema sawerengedwa paliponse, popeza maina awo sali m'buku la malipiro. Pamisonkhano ya ndale, wojambula wopanda chiphaso cha nyumba youlutsira nkhani yodziwika ndiye amakhala woyamba kulandidwa kamera ndi anyamata a chipani otchedwa makada, ndipo bungwe la MISA Zambia lakhala likulemba za kuzunzidwa kwa atolankhani kwa zaka zambiri.

Palinso funso la ulemu wa munthu wojambulidwa, limene siliyenera kuchepetsedwa. Mu 2009, pa nthawi ya sitalaka ya anamwino, Chansa Kabwela, mkonzi wa nkhani wa nyuzipepala ya The Post, anatumiza kwa akuluakulu a boma zithunzi za mayi amene anabereka panja pa chipatala cha University Teaching Hospital popanda thandizo, ndipo ngakhale sanazisindikize, anaimbidwa mlandu wofalitsa zolaula, umene khoti linauthetsa m'chaka chomwecho. Mlanduwo unasonyeza kuti chithunzi chimodzi chingakhale umboni woteteza anthu, komanso chingavule mwini wake ulemu. Wojambula wolipidwa pa chidutswa amakhala pa chiyeso chachikulu kuposa wapamwezi, chifukwa amadziwa kuti magazi ndi misozi zimagulidwa msanga kusiyana ndi nkhani ya mpope wouma. Wa ku Kafue ali ndi chomuletsa chimene mlendo wochokera ku Lusaka alibe, pakuti wovulala pangozi angakhale mwana wa mnansi wake, ndipo mawa adzakumana ndi banjalo kutchalitchi kapena pamaliro. Kuyandikana kumeneku ndiko kumam'patsa nkhani, ndipo ndiko kumam'phunzitsanso pamene kamera iyenera kutsitsidwa.

Foni yokhala ndi kamera yasintha malondawa kuposa china chilichonse. Masamba a pa Facebook monga Mwebantu ndi Kalemba amalandira kanema kwa anthu odutsa amene safuna malipiro, mawailesi nawo amatola zomwezo, ndipo kanema wa wojambula waluso amakopedwa n'kufalitsidwa dzina lake litachotsedwa. Ojambula ambiri abwereranso ku maukwati, ku misonkhano ya mipingo ndi ku ntchito za mabungwe othandiza anthu, n'kumachita za nkhani ngati ganyu wapambali. Komabe kuchuluka kwa zithunzi sikunachepetse kufunika kwa munthu wodziwa kutsimikiza tsiku, malo ndi maina, ndi wobwerera patapita miyezi kukaona ngati lonjezo linakwaniritsidwa. Damu la zinyalala za mgodi wa Sino-Metals ku Chambishi litaphulika pa 18 February 2025, n'kuthira asidi m'mitsinje yothira mu Kafue, nkhani ya nsomba zakufa ndi minda youma inafuna anthu a m'mbali mwa mtsinje amene angatsate vutolo atolankhani akunja atanyamuka kale.

Chodetsa nkhawa kwambiri n'chakuti zimene ojambulawa anatola sizikusungidwa. Tepi ya VHS imachita nkhungu, makina oisewerera akusowa, khadi la kamera limafufutidwa kuti lilandire ntchito ya mawa, ndipo foni ikabedwa zonse zimapita nayo, motero zaka zimene Kafue Estates inasintha kuchoka pa mudzi wa antchito a mafakitale kufika pa dera la anthu odzipezera okha zochita zili pangozi yotsala popanda chithunzi choyenda. Nyumba yosunga zakale ya National Archives of Zambia, khonsolo ya Kafue, ndi masukulu ophunzitsa utolankhani monga Evelyn Hone College, ZAMCOM ndi University of Zambia ayenera kufunafuna matepi ndi makadi amene akadali m'manyumba a ku Kafue, kuwakopera pa makompyuta, kulemba dzina la wojambula pa chidutswa chilichonse, ndi kumulipira pamene ntchito yake yagwiritsidwanso ntchito.