Nyumba yopindika ya ku Cheshire

Mukaiona koyamba pachithunzi mumayesa wojambula anapendeketsa foni. Ayi ndithu, Little Moreton Hall ndi yopindika chonchobe. Ili m'chigawo cha Cheshire ku England, pafupi ndi tauni ya Congleton, yazunguliridwa ndi ngalande ya madzi, ndipo mbali zake zina zaima kwa zaka zoposa 500.

William Moreton anayamba kuimanga cha m'ma 1504, ana ndi zidzukulu n'kumawonjezera mpaka cha m'ma 1610. Banjali silinali lachifumu. Anali eni minda amene makolo awo anagula malo ambiri utatha mliri wa Black Death wa mu 1348. Ndalama zinalipo, ndiye ankafuna kuti aliyense wodutsa adziwe.

Kamangidwe kake sikachilendo kwa ife. Amisiri ankasema mitengo ya oak, ina n'kuiboola, ina n'kuisongola kumapeto, kenako n'kuilowetsana ndi kuikhomera ndi zikhomo zamtengo. M'mipata yotsala ankaluka timitengo n'kuphoma. Amene munaonapo agogo akuzika nsichi, kumanga mbalo ndi kuphoma dothi mwamva kale. Kusiyana kwake n'koti a Moreton anasiya mitengoyo ikuonekera kunja, itasemedwa mokongola, chifukwa kuchuluka kwa mitengo pakhoma kunkaonetsa kulemera. Mtundu wakuda ndi woyera umene timauona lero unatchuka m'zaka za m'ma 1800. Poyamba mitengo inkangosiyidwa kuti imbuwe yokha.

Galasi nalo linali lodula kwambiri nthawi imeneyo, koma nyumbayi ili ndi timagalasi pafupifupi 30,000 tolumikizidwa ndi mtovu. Chimene chimandisangalatsa ine ndi mawindo awiri otulukira kubwalo, a mu 1559. Kalipentala wake, Richard Dale, anasema dzina lake pamenepo, pansi pa la mwini nyumba, kunena kuti ndiye anapanga mawindowo mwa chisomo cha Mulungu. Mmisiri ameneyu anakana kuiwalika.

Nanga kupindikako kunabwera bwanji? Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500, banjali linasanjika chipinda chachitali mamita 21 pamwamba pa mbali ya kumwera, choyendamo ndi kusewereramo kukamagwa mvula. Anachifolera ndi miyala yophwatalala yolemera pafupifupi matani 32, pamene zipupa za pansi sizinakonzedwere katundu wotere. Zipupazo zinayamba kuphulika m'mbali, pansi pa chipindacho n'kukhala ngati mafunde. Pambuyo pake anthu anachita kulowetsamo zitsulo kuti chisagwe.

Kenako kunabwera nkhondo yapachiweniweni, yomwe inayamba mu 1642. A Moreton anaima kumbali ya Mfumu Charles I, ndipo mbali yawo inagonja. Nyumbayo inalandidwa, asilikali a nyumba ya malamulo n'kumagonamo. Atabwezeredwa, banjali linali litalowa m'ngongole. Linasamuka n'kumachititsa lendi nyumbayo kwa alimi kwa zaka pafupifupi 200.

Apa ndiye pali nkhani. Mabanja amene chuma chawo chinapitirira ankagumula nyumba zamitengo kapena kuzikuta ndi njerwa potsata fasho. A Moreton analibe ndalama zotero, ndipo alendi sakanasintha nyumba ya eni. Umphawi ndi umene unaisunga. Elizabeth Moreton, sisitere wa mpingo wa Anglican, atailandira mu 1892 anayamba kuikonza. Anaisiyira mbale wake, Bishopu Charles Abraham, ndipo mu 1938 inaperekedwa ku bungwe la National Trust, lomwe likuisamalira mpaka pano.

Ndikulemba izi ndili ndi kamlandu mumtima. Nditalandira malipiro anga oyamba, ndinasonkha nawo ndalama zogumulira nyumba yophoma ya agogo anga kuti timange yanjerwa ndi malata. Sindikudandaula, agogo sakudonthedwanso. Mitengo yathu imalimbananso ndi chiswe, sitingayembekezere kuti ikhale zaka 500. Koma palibe mmodzi wa ife anaijambula, chonsecho tonse tinali ndi mafoni m'manja. Palibenso anafunsa dzina la munthu amene anamanga tsindwi lija. La Richard Dale ndikulidziwa, la mmisiri wa kwathu ayi.

Mukapita kumudzi Khrisimasi ino, jambulani nyumba yakaleyo isanagwe, ndipo mufunse agogo kuti anaimanga ndani, chaka chanji, ndi mitengo yanji.