Kodi Shaka wa pa kanema adachokera kuti?

FUNSO: Kuno kwa Kasakula achinyamata amakonda filimu ya Shaka m'nyumba zoonetsera mavidiyo, ndipo ambiri amati Angoni amene adasautsa makolo athu m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi adali asilikali a Shaka. Kodi Shaka wa pa kanemayu adachokera kuti, ndipo zimene timaonazi n'zoona? — Wowerenga, kwa Kasakula, Ntchisi

YANKHO: Shaka adalikodi. Adali mfumu ya Azulu, ndipo adaphedwa ndi abale ake Dingane ndi Mhlangana mu 1828. Koma Shaka amene inu mumamuona pa kanema adaumbidwa pang'onopang'ono ndi olemba, aliyense ndi cholinga chake. Oyamba adali amalonda achizungu a ku Port Natal, komwe lero ndi Durban, makamaka Henry Francis Fynn ndi Nathaniel Isaacs, ndipo buku la Isaacs lidatuluka mu 1836. Anthuwa ankafuna kuti Britain itenge dera la Natal, choncho mbiri ya mfumu yokonda magazi idawakomera. Mu 1925 kudatuluka Chaka, nthano ya m'Chisutu ya Thomas Mofolo, momwe muli sing'anga Isanusi ndi mkazi Noliwa, anthu amene mlembiyo adawapeka yekha. Mlembi wina, E. A. Ritter, adaonjezera zake mu 1955. Filimu yotchuka ija, imene Henry Cele adasewera ngati Shaka, idaonetsedwa ndi wailesi yakanema ya boma la South Africa ya SABC mu 1986, ulamuliro wa tsankho uli pachimake, ndipo mbali yaikulu ya nkhani yake imadzera m'maso mwa amalonda achizungu aja.

Cholakwika chachikulu cha filimuyi n'chakuti imasandutsa nkhondo ya maufumu apachibale kukhala nkhani ya munthu mmodzi waukali. Shaka asanatchuke, Zwide wa Andwandwe ndi Dingiswayo wa Amthethwa adali kale pa mkangano wolimbirana msipu, ng'ombe ndi njira ya malonda a minyanga yopita ku Delagoa Bay, komwe lero ndi Maputo. Zwide adapha Dingiswayo, Shaka n'kutenga malo ake, kenaka cha m'ma 1819 adagonjetsa Andwandwe pa mtsinje wa Mhlatuze. Zwangendaba Jere, kholo la Angoni a M'mbelwa ndi a Mpezeni, adali mbali ya Zwide. Apa ndiye pagona yankho la funso lanu: Angoni sadali asilikali a Shaka, adali otsala a gulu limene lidagonja.

Komanso nkhondo imene idafika m'mapiri akwanuko idali itasintha nkhope. Zwangendaba adaoloka Zambezi mu Novembala 1835, tsiku limene kudachita kadamsana, ndipo adakamwalira ku Ufipa, m'dziko la Tanzania, cha m'ma 1848. Imfa yake idabala mkangano wa ufumu umene udagawa mtunduwo: Mpezeni adakathera kufupi ndi Chipata, M'mbelwa ku Mzimba, ena adatsala ku Tanzania. Chiwere Ndlovu, mtsogoleri wa nkhondo yemwe sadali wa banja lachifumu la a Jere, adapatuka ndi anthu ake n'kudzakhazikika ku Dowa, Shaka atagona m'manda zaka zoposa 30. Gulu lake lidali lodzala ndi anthu ogwidwa m'njira, Ansenga, Atumbuka ndi Achewa omwe. Amene ankazinga malinga ndi kuthamangitsira anthu kumapiri ambiri adabadwira kuno kumpoto kwa Zambezi, ndipo Shaka sadamuonepo ndi maso. N'chifukwa chake zidzukulu zawo lero zimayankhula Chichewa ndipo zidakwatirana ndi eni nthaka.

Wina anganene kuti filimu ndi chisangalalo chabe, palibe amene amapita kuvidiyo kukaphunzira mbiri. Funso lanulo likutsutsa zimenezi, pakuti achinyamata atenga kale zapakanema n'kuziyesa mbiri ya agogo awo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: mwana akazolowera kuti nkhondozo zidabadwa mu mtima woipa wa mfumu imodzi, safunsanso za chilala, za malonda a minyanga ndi akapolo, kapena za kulimbirana mpando, zomwe ndi zifukwa zenizeni. Winanso anganene kuti vutoli lidatha ndi Shaka iLembe, sewero la m'Chizulu lomwe lidayamba kuonetsedwa pa Mzansi Magic mu 2023. N'zoona kuti sewerolo lidapatsa Zwide, Dingiswayo ndi Nandi, mayi wake wa Shaka, malo owayenera, ndipo m'menemo Azulu akudzifotokoza okha m'chinenero chawo. Komabe nalo ndi sewero lofuna oonera, ndipo maso ake ali pa opambana. Ogonja amene adalowera kumpoto, ndi Achewa amene adakumana nawo, sindiwo eni nkhaniyo.

Tisalumphirenso mbali ina. Mu 1988 katswiri wa mbiri Julian Cobbing adanena kuti chipwirikiti chonsecho chidayambitsidwa ndi osaka akapolo ndi atsamunda, ndipo Shaka adangosenzetsedwa mlandu. Akatswiri ena, monga Carolyn Hamilton, adaonetsa kuti mbiri ya nkhanza za Shaka idachokeranso kwa anthu akuda omwe, makamaka adani ake ndi amene adamupha. Kuyeretsa Shaka kotheratu n'kupotoza mbiri chimodzimodzi.

Mbiri ya mapiri akwanu ili ndi mboni zake zapafupi. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa kuchigawo chomwecho amene adalemba Nthondo ndi Mbiri ya Achewa, adalembanso Msyamboza, moyo wa mfumu ya Achewa ya ku Chibanzi pafupi ndi Kongwe, imene idakhala m'masiku a Angoni. Mishoni ya Mvera idayamba mu 1889 m'dziko la Chiwere, ndipo zolemba za amishoni zilipo. Aphunzitsi a kwa Kasakula angachite bwino kuwerengetsa ana Ntara ndi kuwatuma kwa mafumu ndi akuluakulu kukafunsa komwe kudali malinga ndi amene adawamanga, n'kulemba zimene amva mbonizo zisanathe. Filimuyo aonere ndithu, koma akudziwa kuti adaipanga ndani, liti, ndipo pofuna chiyani.