Kacidole ka Ulusi na Manja Amene Amakaluka

Tunjovu, tukalulu na tunyamalikiti twa ulusi tumene timaona pa matebulo a ogulitsa zopanga-panga na pa Facebook, ambili timatuyesa fashoni ya lomba apa imene atsikana aphunzila pa foni. Koma luso loluka na kasingano ka ngowe, limene pa Cizungu amati crochet, lakhalapo zaka zoposa 200. M'zaka zonsezi, kasingano kameneka kakhala m'manja mwa anthu a mitundu iŵili: ena amaluka kuti nthawi ipite, ena amaluka kuti ana adye. Tikadziŵa mbili imeneyi, tidzayamba kukaona mwa mtundu wina kacidole ka pa tebulo paja, pamodzi na mtengo wake.

Liwu lakuti crochet ni la Cifulenchi, ndipo limatanthauza kangowe. Malangizo akale kwambili odziŵika amene anasindikizidwa a kalukidwe kameneka anatuluka mu 1823 m'magazini ya ku Netherlands yochedwa Penélopé. Anali kuphunzitsa azimayi kuluka tuzikwama twa ndalama na ulusi wa silika. Oŵelenga magaziniyo anali a m'mabanja opeza bwino, amene anali na anchito pakhomo komanso nthawi yokhala pansi masana.

Patapita zaka 22, njala inagwa ku Ireland. Kuyambila mu 1845, matenda anawononga mbatatisi, cakudya cimene amphawi anali kudalila monga mmene ife timadalila cimanga. Anthu pafupi-fupi 1 miliyoni anafa, ndipo enanso oculuka conco anathaŵila ku maiko ena. Pa nthawi imeneyo masisitele na akazi a abusa anayamba kuphunzitsa azimayi na atsikana kuluka tunsalu twa maluŵa tokongoletsela makolala na manja a madilesi. M'tauni ya Clones, Cassandra Hand, mkazi wa m'busa wa kumeneko, ndiye anabweletsa lusoli. Kunali kosavuta kuyamba, cifukwa zofunika zinali kasingano na ulusi wa thonje cabe. Banja limodzi linali kuluka masamba, lina maluŵa, ndipo wina anali kulumikiza zidutswazo. Zolukazo zinali kukagulitsidwa kwa olemela a ku London na kwina, ndipo ndalama zake zinapulumutsa mabanja ambili.

Olemela nawonso sanaleke kuluka. Mfumukazi Victoria ya ku Britain, ili pafupi kumwalila mu 1901, inaluka masikafu 8 amene anapatsidwa kwa asilikali omenya nkhondo ku South Africa. Conco m'zaka za m'ma 1800, kasingano kofanana kanali m'nyumba yacifumu komanso m'tunyumba twa anthu amene anali kugona na njala.

Nanga zidole zofewa zinacokela kuti? Mbili yake ni ina, ndipo inayambila ku Germany. Margarete Steiff wa m'tauni ya Giengen anadwala poliyo ali mwana, ndipo moyo wake wonse anali kuyendela pa njinga ya olemala. Anaphunzila kusoka n'kutsegula bizinesi yake. Mu 1880 anasoka kanjovu ka nsalu kakuti azimayi azibayapo mapini, koma ana anakalanda n'kuyamba kuseŵela nako. Mu 1902, Richard Steiff, mwana wa mlongosi wake, anapanga cimbalangondo ca nsalu cokhala na manja na miyendo yoyenda, ndipo anakacionetsa pa cionetselo ca malonda ku Leipzig mu 1903.

Mu November 1902 momwemo, pulezidenti wa America, Theodore Roosevelt, anapita kukasaka nyama ku Mississippi. Anzake anamugwilila cimbalangondo n'kucimangilila ku mtengo, koma iye anakana kuciwombela. Clifford Berryman anajambula nkhaniyo m'nyuzipepala ya Washington Post. Morris na Rose Michtom, amene anali na kasitolo ka maswiti ku Brooklyn, anasoka kacimbalangondo n'kukacha dzina la pulezidentiyo. Ndiye ciyambi ca teddy bear. Zidole za nsalu zimenezi zinaloŵa mwamsanga m'mafakitale, cifukwa nsalu imadulidwa na kusokedwa pa makina.

Amene anachukitsa zidole zoluka na kasingano ka ngowe ni a ku Japan. Iwo amazicha amigurumi, liwu locokela ku mawu aŵili: ami, kutanthauza coluka, na nuigurumi, kutanthauza cidole coikamo zofewa mkati. Kuyambila m'zaka za m'ma 1970, acinyamata a ku Japan anayamba kukonda kwambili tunthu tung'ono-tung'ono tooneka monga makanda, tumene amati kawaii. Kampani ya Sanrio inatulutsa Hello Kitty mu 1974. Oluka anatengela maonekedwe amenewo: mutu waukulu, maso otalikilana, tumanja na tumiyendo tufupi-tufupi.

Kalukidwe kake n'kosavuta kumva. Woluka amayamba na kamphete ka ulusi, n'kulukamo mfundo 6. Mzele waciŵili umakhala na mfundo 12, wacitatu 18, ndipo amapitiliza kuwonjezela 6 pa mzele uliwonse, akuzungulila monga cigoba ca nkhono. Akafuna kutseka mutu, amayamba kucotsako 6 pa mzele uliwonse. Amasankha kasingano kocepelako kuti mfundo zithinane, thonje la mkati lisaonekele. Mabuku a ku Japan amaonetsa zonsezi na zizindikilo, moti munthu wosadziŵa Cijapanizi amatha kutsatila. Izi zinathandiza kuti lusoli lifike ku maiko ena mosavuta.

Cimene cinalifalitsa kwambili ni intaneti. YouTube inayamba mu 2005, caka cimodzi na Etsy, msika wa pa intaneti wogulitsilapo zopanga pamanja. Mu 2007 kunabwela Ravelry, kumene oluka amagaŵana mapatani. Mu 2020, pamene COVID-19 inatsekela anthu m'nyumba, enanso ambili anatola kasingano kuti acotse nkhawa. Ku Ulaya na ku America, ambili amaluka tuzidole utu pongosangalala akaŵeluka ku nchito, n'kupatsa ana a acibale awo.

Kwathu kuno kasingano kanafika kale YouTube isanabwele. M'nthawi ya atsamunda, akazi a amishonale na makalabu a azimayi m'makomboni a ku migodi anali kuphunzitsa kusoka, kuphika na kuluka. Ambili tinakulila m'nyumba zimene mipando, wailesi na kabati zinali zofunditsidwa madoili oyela amene amayi kapena ambuya analuka. Khanda likabadwa, linali kutuluka m'cipatala litavala kacisote na tumasokosi twa wulu. Zidole zokha sitinali kulukilidwa kaŵili-kaŵili, cifukwa tinali kudzipangila tokha: ng'ombe za dothi, mamotoka a mawaya, na mwana wa cisononkho wobelekedwa na kansalu.

Kunonso kasingano kanadyetsapo mabanja. M'zaka za m'ma 1980 na 1990, azimayi ambili a ku Zimbabwe anali kunyamula madoili kukagulitsa ku South Africa kuti apeze ndalama za sukulu na za cakudya. Ku Ng'ombe mu Lusaka, azimayi amasiye a ku Chikumbuso amaluka zikwama na mapulasitiki odula-dula m'malo mwa ulusi. Nkhani yawo siisiyana kwenikweni na ya azimayi a ku Clones: luso losafuna makina, malaiti kapena shopu, limene mayi angagwile uku akuyang'anila mphika na mwana.

Pali mfundo imodzi imene ogula ambili saidziŵa. Makina oluka masokosi anapangidwa kale-kale mu 1589 na William Lee wa ku England, ndipo majuzi ambili amene timavala amacokela pa makina a mtundu umenewo. Koma kulibe fakitale imene ili na makina oluka kacidole ka crochet. Kasingano kamafunika kuloŵa pa mfundo iliyonse payokha, kutsogolo kapena kumbuyo, ndipo ni diso na cala ca munthu zimene zimasankha poloŵa. Tiyeni tiŵelenge: mizele 6 yoyambilila ya mutu ili na mfundo 6, 12, 18, 24, 30 na 36, zonse pamodzi 126. Apo mutu sunafike na pakati pomwe. Kukali thupi, miyendo, makutu, mcila, kuikamo thonje, kulumikiza ziwalo na kusoka maso.

Ndiye cifukwa cake kacidole ka crochet kochipa kwambili kayenela kutidabwitsa. Ngati kali pa mtengo wa botolo la dilinki, ndiye kuti pali munthu kwina kwake amene anagwila nchito maola ambili osalandila zoyenelela. Woluka wa kuno ali pa mpanipani waukulu. Ulusi wabwino ni wodula, olo kuti thonje timalima tokha ku Chipata, ku Katete na ku Petauke. Pa salaula pali milu ya zidole za m'fakitale za mtengo wotsika. Ndipo wogula akaona kanjovu kokwana m'dzanja, amayamba kunenelela monga akugula tomato wa madzulo.

Amene timaluka pongokonda cabe tili na mbali yathu pa nkhaniyi. Palibe colakwa kulukila mdzukulu kakalulu kwaulele, ndipo mphatso yotelo mwana amagona nayo zaka zambili. Vuto limabwela tikayamba kugulitsa pa mtengo wa ulusi wokha, cifukwa tili na salale kwina. Tikatelo timagwetsa mtengo wa mayi wa pa tebulo loyandikana nalo, amene lendi yake ili pa kasingano kameneko. Cabwino ni kulemba maola amene kacidole katenga, kuwonjezela mtengo wa ulusi na thonje, ndiyeno kuchula mtengo mosacita manyazi. Ngati kacidoleko ni ka mwana wosakwana zaka zitatu, maso ake tiziwasoka na ulusi, cifukwa mabatani na mikanda mwana angameze.

Ogula nafenso tingasinthe kafunsidwe. Tisanayambe kunenelela, tifunse wolukayo kuti, "Amayi, kamenekaka kanakutengelani masiku angati?" Yankho lawo lidzatithandiza kudziŵa ngati mtengo umene achula ni wokwela zoona, kapena ngati adzicepetsela kale poopa kuti tingapite osagula.