Mmene jombo zolimba za amisiri zimadziwikira

Jombo zogwirira ntchito, zomwe ambiri m'tauni amazitchula kuti sefite buti, ndi nsapato zopangidwa kuti ziteteze phazi pamalo pomwe pamagwa zinthu zolemera kapena pali misomali, moto, mafuta ndi simenti yaiwisi. Amazivala omanga nyumba, owotcherera, amakaniko, akalipentala, amagetsi ndi ogwira ntchito m'mafakitale monga a ku Kanengo ndi ku Makata. Lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limauza olemba ntchito kuti azipereka zovala zodzitetezera, kuphatikizapo nsapato, popanda kulipiritsa wantchito, pomwe ntchitoyo ikufuna zotero. Koma amisiri ambiri ndi odzilemba okha kapena aganyu, ndipo jombo amagula ndi ndalama ya m'thumba mwawo, kaya kusitolo kaya pa kaunjika ku Limbe, ku Tsoka kapena ku Zigwagwa. Akaphonya posankha, amataya ndalama ya masiku angapo a thukuta, mwinanso chala chenichenicho.

Ogula ambiri amakopeka ndi kunyezimira kwa chikopa ndi dzina lotchuka losindikizidwa pambali. Zonse ziwirizi n'zosavuta kuzinamizira, ndipo chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Zomwe zimanena zoona za jombo zili m'malo omwe diso silifulumira kupitako: kuseri kwa lilime lake, kunsi kwake, ndi pamzere pomwe chikopa chakumana ndi chopondera, chomwe osoka nsapato amati soli.

Zolembedwa kuseri kwa lilime

Jombo yoyesedwa moyenera imakhala ndi kansalu kapena chidindo chosonyeza saizi, wopanga, nthawi yomwe idapangidwa ndi muyezo womwe idakwaniritsa. Muyezo wofala ndi EN ISO 20345, ndipo jombo zochokera ku South Africa zimalembedwa SANS 20345, pomwe za ku America zimalembedwa ASTM F2413. Pa muyezo wa 20345, chophimba zala chiyenera kupirira mphamvu ya majulo 200, yofanana ndi chinthu cha makilogalamu 20 chogwa kuchokera pamtunda wa mita imodzi, komanso kupsinjidwa ndi katundu wa tani imodzi ndi theka. Nambala ina yofanana nayo, 20347, ndi ya nsapato zogwirira ntchito zomwe sizikakamizidwa kukhala ndi chophimba chotere. Kusiyana kwa nambala imodzi yomalizayo n'kwakukulu kwa munthu wonyamula mabuloko.

Pambali pa nambalayo pamakhala zilembo. SB ndi jombo yoteteza zala basi. S1 imawonjezera chidendene chotseka ndi chofewetsa kugunda kwa phazi pansi. Chilembo P chimatanthauza kuti m'kati mwa soli muli chotchinga msomali. S2 ili ndi chikopa chochedwa kulowa madzi, ndipo S3 ili ndi zonsezo pamodzi ndi chotchinga msomali ndi mano akuya kunsi. S4 ndi S5 ndi za mphira kapena pulasitiki yokhayokha, zija za magambutsi. Pamalo omangapo nyumba, pomwe matabwa okhomolakhomola amangotayidwa misomali italoza kumwamba, jombo yopanda P kapena S3 imateteza theka la phazi lokha, ndipo bala la msomali ndi khomo la kafumbata.

Chidindo nachonso chimabedwa. Komabe jombo yopanda cholembedwa chilichonse, kapena yolembedwa mawu oyamikira popanda nambala ya muyezo ndi deti, yadziulula kale.

Soli

Jombo zambiri zimafera kunsi chikopa chikadali chabwinobwino. Masoli ofala ndi a mitundu iwiri: a mphira ndi a PU, pulasitiki yofewa yokhala ndi timpweya m'kati. Mphira ndi yolemera koma imapirira kutentha, miyala ndi zaka. PU ndi yopepuka, yokoma kupondapo tsiku lonse pakonkire, ndipo ndi yomwe ili pa jombo zambiri zamtengo wapakati.

Vuto la PU ndi lakuti imawola ngakhale jombo isanavalidwepo. Chinyezi cha mumpweya chimalowa m'timabowo take n'kumadula pang'onopang'ono zomwe zimagwirizanitsa pulasitikiyo, ndipo kutentha kumafulumizitsa ntchito imeneyi. Jombo yokhala zaka m'katoni, m'nyumba yosungiramo katundu kapena m'belo, imatuluka ikuwala ngati yadzulo, koma pakatha masiku ochepa soli imayamba kumata, kung'ambika, kenaka kuyoyoka ngati chimkute chouma. Kumadera otentha ndi achinyezi monga Salima, Mangochi, Karonga ndi kuchigwa cha Shire, izi zimachitika msanga kuposa kumapiri a Dedza. Chodabwitsa n'chakuti jombo yovalidwa tsiku ndi tsiku imachedwa kugwidwa ndi vutoli kuyerekeza ndi yosungidwa pansi pa bedi kudikira ntchito yaikulu, poti kupondaponda kumatulutsa chinyezicho.

N'chifukwa chake pa kaunjika, jombo ya PU yooneka kuti sidavalidwepo ndi yofunika kuikayikira kwambiri kuposa yovalidwako pang'ono. Wogula ayenera kufunafuna deti, yomwe imalembedwa pa lilime kapena kudindidwa kunsi ngati kawotchi kokhala ndi muvi woloza mwezi ndi manambala awiri a chaka. Ikapitirira zaka zitatu kapena zinayi chipangidwire, ndalama yake ndi ya juga. Kenaka apinde jomboyo mwamphamvu pomwe zala zimapindikira, n'kukanikiza soli ndi chikhadabo. Soli yamoyo imabwerera mwakale. Yowola imasiya dzenje, imaonetsa timing'alu, kapena imamata kuchala. Palibe guluu wochiza matenda amenewa.

Owotcherera ndi othira phula pamsewu ayenera kufuna zilembo HRO, zosonyeza kuti soli idayesedwa pa kutentha kwa madigiri 300 kwa mphindi imodzi. Soli yotere imakhala ya mphira, ndipo PU yokha siyenera kuyandikira ntchito zimenezi. Amakaniko, omwe amaponda oyilo ndi dizilo, ayang'ane FO, komanso SRC kapena SR, zilembo za kusaterereka. SRC ndi ya muyezo wa 2011, pomwe SR idabwera ndi wa 2022.

Pomwe chikopa chakumana ndi soli

Pali njira zitatu zolumikizira. Yoyamba ndi kumata ndi guluu, yotsika mtengo, ndipo ndi yomwe imayasamula kukamwa dzinja likafika. Yachiwiri ndi kuthira PU yosungunuka m'chikombole chomwe chagwira chikopa, kotero ziwirizo zimagwirana popanda ulusi. Imeneyi siilola madzi ndipo kawirikawiri siikanganuka, koma soli ikatha jombo yonse yatha. Yachitatu ndi kusoka, monga njira ya Goodyear, pomwe kalamba kachikopa kamazungulira jombo n'kusokeredwa kumtunda ndi kunsi. Jombo yosoka ndi yodula ndi yolemera, koma wosoka nsapato wapakhonde la sitolo atha kuichotsa soli yakutha n'kuikapo ina kangapo. M'dziko momwe osoka nsapato ali pamsika uliwonse, umenewu ndi mwayi woyenera kuuwerengera pamtengo.

Opanga ena amaumba chithunzi cha ulusi pa pulasitiki kuti jombo yomata ioneke ngati yosoka. Chikhadabo chimathetsa mkangano, pakuti ulusi weniweni umatheka kuutokosa ndipo umalowa m'bowo.

Chikopa

Chikopa cha ng'ombe chimang'ambidwa m'magawo. Gawo lapamwamba, komwe kudali ubweya, ndi lolimba kwambiri ndipo limamwa mafuta n'kufewa ndi zaka. Gawo lapansi ndi lofooka, ndipo opanga amalikuta ndi pulasitiki yodindidwa timizere kuti lifanane ndi lapamwamba. Pali chachitatu chomwe si chikopa n'komwe, koma nsalu yomatidwa pulasitiki, ndipo chimasupuka pomwe phazi limapindikira.

Posiyanitsa, malo abwino ndi m'mphepete modulidwa, monga pafupi ndi timabowo ta zingwe. Chikopa chenicheni chimaonetsa timinyewa tosalongosoka, pomwe chabodza chimaonetsa ulusi wolukidwa kapena siponji. Chikakanikizidwa ndi chala, chenicheni chimachita timakwinya tating'ono tomwe timazimiririka chala chikachoka. Cha jombo yogwirira ntchito chimayenera kukhuthala pafupifupi mamilimita 2. Misoko ya pamalo okokedwa, monga kuchidendene ndi m'mbali mwa lilime, ikhale ya mizere iwiri kapena itatu, ndipo lilime losokeredwa m'mbali zonse limatchinga mchenga ndi nthethe za moto. Chakuchidendene chikafinyidwa n'kuphwatalala mosavuta, jomboyo idzapendekeka isanathe miyezi.

Simenti yaiwisi ndi mdani wa chikopa chilichonse, ngakhale chodula chotani. Imayamwa mafuta ake, n'kuchiumitsa mpaka kusweka, ndipo ikalowa m'kati imawotcha khungu. Wothira konkire wa silabu avale magambutsi okhala ndi chitsulo, jombo yachikopa aisiye pouma.

Chophimba zala ndi nkhani ya magetsi

Ogula amakonda kugogoda kutsogolo kwa jombo kuti amve chitsulo. Kugogoda sikusiyanitsa chitsulo choyesedwa ndi kalata kopyapyala kapena pulasitiki wamba. Maginito amathandiza pang'ono, koma zophimba za aluminiyamu ndi za pulasitiki yolimbitsidwa, zomwe nazo zimakwaniritsa muyezo, sizikoka maginito. Choncho chidindo chija ndicho mboni yaikulu. Dzanja lilowe m'kati kukafufuza m'mphepete mwa chophimbacho: payenera kukhala pokutidwa bwino, popanda lakuthwa lodya sokosi.

Amagetsi asanyengedwe ndi mawu akuti antistatic, kapena chilembo A. Jombo yotere idapangidwa dala kuti izitaya pansi timagetsi tomwe timasonkhana m'thupi, kuopa nthethe pafupi ndi petulo kapena gasi. Siitchinga mphamvu ya waya wa ESCOM. Jombo za S1, S2 ndi S3 zonse ndi zamtundu umenewu. Yoteteza ku magetsi imalembedwa padera, monga EH pa muyezo wa ku America, ndipo nayonso chitetezo chake chimachepa ikanyowa kapena soli ikalowa kachitsulo.

Kuyesa ndi kusamala

Chikopa chimatambasuka, chitsulo sichitambasuka. Jombo yofinya zala kusitolo idzazifinya mpaka tsiku lotayidwa, ngakhale wogulitsa alumbire kuti izolowera. Kuyesa kwabwino ndi kwa madzulo mapazi atafufuma, ndi sokosi zokhuthala zogwirira ntchito, mapazi onse awiri, munthu n'kunjuta ndi kuyendayenda. Saizi ya ku Britain, ya ku America ndi ya mayiko ena a ku Ulaya sizifanana, kotero nambala yokha si yodalirika.

Matope ndi simenti zichotsedwe tsiku lomwelo, chikopa chizipakidwa polishi kapena mafuta ake. Jombo yonyowa iumire pamthunzi podutsa mphepo, m'kati muli manyuzipepala. Kuiyanika pambaula kumaphika chikopa n'kusungunula guluu. Wokhala ndi mapeyala awiri osinthanitsa amapatsa iliyonse tsiku loti iume thukuta, ndipo zonse zimakhalitsa.

Jombo imapuma ntchito mano a kunsi akafafanizika, chitsulo chikayamba kuonekera, kapena msomali ukaboola soli. Imapumanso chinthu cholemera chikagwera pa chophimba zala, ngakhale kunja kusaoneke chilema: chitsulo chopindika chimatsala ndi mpata wochepa pamwamba pa zala, ndipo cha pulasitiki chimatha kusweka m'kati mosaonekera.